Lipoti la nkhani: configure imene inasowetsa stdlib.h, ndi kafunsidwe ka compiler za mafoda ake a ma header

Nkhani ino ndi ya laibulale ina yolembedwa mu C ndi C++, yomangidwa ndi Autoconf ndi Automake (zida zopangira script ya configure ndi ma Makefile), imene imadalira zlib, laibulale yopanikiza deta. Script yake ya configure inali ndi chosankha cha `--with-zlib=PREFIX`. Munthu akatchula prefix, foda imene zlib yaikidwamo, script inkawonjezera `-isystem PREFIX/include` pa `CPPFLAGS` ndi `-LPREFIX/lib` pa `LDFLAGS`. Olemba ake anasankha `-isystem` m'malo mwa `-I` pa chifukwa chomveka. Laibulaleyo imamangidwa ndi `-Wall -Wextra -Werror`, ndipo GCC siperekapo machenjezo ambiri pa zimene zili m'ma header a m'foda yotchulidwa ndi `-isystem`, choncho ma header a eni ake sangaimitse ntchito.

Vuto linabuka wokonza ma package atapereka `--with-zlib=/usr` pa makina a Debian 12, amene ali ndi compiler ya GCC 12. Configure inatha bwinobwino. Mafayilo onse a C anadutsa. Fayilo yoyamba ya C++ inaimira apa:

```
/usr/include/c++/12/cstdlib:75:15: fatal error: stdlib.h: No such file or directory
```

Fayilo ya `/usr/include/stdlib.h` inalipo, ndipo foda yake inali italembedwa pa mzere womwewo wa lamulo. Ambiri akaona uthenga umenewu amathamangira kuikanso `libc6-dev` kapena `g++`, koma sasintha kanthu, chifukwa pa disiki palibe chasowa. Chimene chasokonekera ndi ndondomeko imene compiler imatsata poyendera mafoda.

Zimene zinachitika mkati mwa GCC

GCC ikakumana ndi `#include <dzina>` imayendera mafoda motsatana: oyamba ndi a `-I`, kenako a `-isystem`, kenako mafoda ake obadwa nawo, ndipo omaliza ndi a `-idirafter`. Pa `#include "dzina"` imayamba yayang'ana m'foda ya fayilo imene ikuwerenga ndi m'mafoda a `-iquote`, ikalephera ndi pamene imalowa mu mndandanda womwe uja. Pa makina a nkhani inoyi, popanda flag iliyonse, mndandanda wa C++ unali wotere:

```
#include <...> search starts here:
 /usr/include/c++/12
 /usr/include/x86_64-linux-gnu/c++/12
 /usr/include/c++/12/backward
 /usr/lib/gcc/x86_64-linux-gnu/12/include
 /usr/local/include
 /usr/include/x86_64-linux-gnu
 /usr/include
End of search list.
```

Taonani kuti `/usr/include` ili kumapeto. Malo amenewo si angozi. Kuyambira GCC 6, imene inatuluka mu 2016, libstdc++, laibulale ya C++ ya GCC, ili ndi `stdlib.h` ndi `math.h` zakezake m'foda ya `/usr/include/c++/12`, zokuta za laibulale ya C, kuti mitundu ya C++ ya ma function monga `abs` izionekanso kwa munthu amene walemba `#include <stdlib.h>`. Chifukwa cha zimenezi `cstdlib` singalembenso `#include <stdlib.h>` wamba, popeza ingapeze chokuta chake chomwe. Imalemba `#include_next <stdlib.h>`, kutanthauza kuti compiler iyambe kufufuza pa foda yotsatira imene yapezamo `cstdlib`, isabwererenso kumayambiriro kwa mndandanda.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. GCC silola foda imodzi kuoneka kawiri. Ikapatsidwa `-isystem /usr/include` imaika fodayo patsogolo pa mafoda ake onse, n'kuchotsa ya kumapeto ija, ndipo ndi `-v` imanena yokha kuti `ignoring duplicate directory "/usr/include"`. Mndandanda watsopano umayamba ndi `/usr/include`, kutsatira `/usr/include/c++/12`, n'kuthera pa `/usr/include/x86_64-linux-gnu`. `cstdlib` ikupezeka m'foda yachiwiri, `#include_next` ikuyambira pa yachitatu, ndipo foda yokhayo imene ili ndi `stdlib.h` yeniyeni yatsala m'mbuyo. Fayilo ilipo koma njira yofikira kwa iyo yadulidwa.

Akanalemba `-I/usr/include` sizikanatero. Foda ya `-I` ikafanana ndi imene GCC imaiona ngati ya system, GCC imataya `-I` yo n'kusunga malo akale. Koma ikakhala ya `-isystem`, zonse ziwiri ndi za system, ndiye imasunga yoyamba kuoneka. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumapangitsa script imodzi kuyenda bwino kwa zaka, n'kudzagwa tsiku limene wina wasintha `-I` kukhala `-isystem` pofuna kutontholetsa machenjezo. Mafayilo a C anapulumuka chifukwa ma header a glibc, laibulale ya C ya makinawo, akapezeka moyambirira amadzikwanira, ndipo `limits.h` yake imadziwa kufuna ya GCC kutsogolo kwake. Ndi compiler ya Clang ndi laibulale yake ya C++, libc++, chilonda ndi chomwecho, kungoti uthenga wa libc++ zatsopano umanena kuti `<cstdlib>` yalephera kupeza `<stdlib.h>` ya libc++. Munthu amene waika `/usr/include` mu `CPLUS_INCLUDE_PATH` amakumananso ndi zomwezi, popeza GCC imatenga mafoda a m'menemo ngati a `-isystem`.

Kukonza koyamba, kumene sikunakwanire

Poyamba anangolemba m'script kuti foda ikakhala `/usr/include` kapena `/usr/local/include` isawonjezedwe. Pa Debian zinatheka. Koma mndandanda wolemba pamanja ndi maganizo a munthu pa zimene compiler imachita, ndipo maganizowo analakwika m'malo angapo.

Pa FreeBSD, `cc` yobwera ndi system ndi Clang, ndipo siyang'ana mu `/usr/local/include` isanauzidwe, chikhalirecho m'menemo ndi mmene ma package amaika ma header awo. Kusefa fodayo kumeneko n'kuchotsa flag yofunika. Pa macOS, kuyambira Mojave ya 2018 ndi Xcode 10, foda ya `/usr/include` siikidwanso. Ma header a system ali mkati mwa SDK, imene njira yake imatuluka ndi `xcrun --show-sdk-path`. Homebrew, chida choikira ma package pa macOS, pa makina a Intel imagwiritsa `/usr/local`, imene compiler imaidziwa, koma pa Apple Silicon imagwiritsa `/opt/homebrew`, imene siyidziwa. Pa NixOS `/usr/include` kulibe n'komwe. Ngakhale pa Debian pomwepo mndandandawo unaiwala `/usr/include/x86_64-linux-gnu`, foda ya multiarch (dongosolo losunga mafayilo a mitundu ingapo ya makina pa system imodzi) imene inafika ndi Ubuntu 11.04 mu 2011 ndi Debian 7 mu 2013. Komanso munthu atangolemba `--with-zlib=/usr/`, njira inakhala `/usr//include`, sinafanane ndi yolembedwa m'script, ndipo vuto lija linabwerera monga linalili.

Panali amene anayesa `gcc -print-search-dirs`. Dzina lake limanyenga. Limatulutsa mizere ya `install`, `programs` ndi `libraries` basi, za ma header mulibemo. `gcc -print-file-name=include` imapereka foda imodzi yokha, ya ma header a compiler mwiniwake monga `stddef.h` ndi `stdarg.h`. Kernel ya Linux inaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri pamodzi ndi `-nostdinc`, ndipo pa ntchito imeneyo inali yoyenera, koma si mndandanda wonse. `-print-sysroot` ndi `-print-multiarch` nazo zimapereka zidutswa. Kulumikiza zidutswazi pamanja n'kulembanso nzeru za driver ya GCC mu shell, ntchito imene singathe.

Kufunsa compiler yeniyeniyo

Njira yodalirika ndi kuuza compiler kuti ichite preprocess pa kafayilo kakang'ono ili ndi `-v`, n'kuwerenga zimene yanena. GCC ndi Clang zonse zimalemba mndandanda pakati pa mizere iwiri yodziwika. Zida zazikulu zomangira mapulogalamu zimachita zomwezi. CMake kuyambira 3.14 ya 2019 imawerenga mawu amenewa n'kudzaza `CMAKE_CXX_IMPLICIT_INCLUDE_DIRECTORIES`, ndipo Meson nayo imafunsa ndi `-E -v` n'kuchotsa `-isystem` iliyonse yoloza foda imene compiler inali nayo kale. Autoconf ilibe macro yoteroyo, choncho inalembedwa motere:

```sh
echo 'int conftest_x;' > conftest.cpp
(
  unset CPATH C_INCLUDE_PATH CPLUS_INCLUDE_PATH
  LC_ALL=C LANGUAGE=C $CXX $probe_flags -E -v conftest.cpp
) 2>conftest.err >/dev/null
cat conftest.err >&5

tr -d '\r' < conftest.err |
  sed -n '/^#include <\.\.\.> search starts here:/,/^End of search list\./p' |
  sed -e '1d' -e '$d' -e '/ (framework directory)$/d' -e 's/^ //' \
  > conftest.dirs
```

Mizereyi ndi yochepa, koma pafupifupi uliwonse ukutseka dzenje lake.

Mndandanda umatuluka pa stderr, pamene stdout imanyamula zotsatira za preprocess zimene sitikuzifuna. Amene akufuna kugwiritsa pipe m'malo mwa fayilo alembe `2>&1 >/dev/null` m'ndondomeko imeneyo; akatembenuza, zonse ziwiri zimapita ku `/dev/null` ndipo mndandanda umabwera wopanda kanthu, popanda cholakwika chilichonse choonekera. Kukopera `conftest.err` ku descriptor 5 kumaika zonse mu `config.log`, ndipo tsiku limene wina adzadandaule kuchokera pa makina amene simungawafikire, fayilo imeneyo ndi imene idzakuuzeni zoona.

Mawu akuti `search starts here` GCC imawamasulira m'zinenero zina ngati mafayilo a zomasulira aikidwa. Pa makina a munthu wogwiritsa Chijeremani kapena Chifalansa, `sed` sipeza poyambira. Configure yopangidwa ndi Autoconf imaika kale `LC_ALL=C` ndi `LANGUAGE=C` kumayambiriro kwake, koma kachidutswa kameneka anthu amakakopera m'ma Makefile ndi m'ma script ena, n'chifukwa chake zalembedwanso pa mzerewo. CMake nayo imasintha locale isanafunse, pa chifukwa chomwechi.

`$CXX` ilibe ma quote dala. Zili m'kati mwake zingakhale `ccache g++` kapena `g++ -std=gnu++17`, ndipo mukazitsekera m'ma quote shell idzafuna pulogalamu ya dzina lalitali lokhala ndi mpata pakati. Chofunika kwambiri n'chakuti tifunse `$CXX` imene imange ntchitoyo. Script imene imaitana `gcc` kapena `cpp` mwachindunji imalandira yankho la compiler ina, ndipo pa cross-compile, pomangira makina a mtundu wina, yankholo ndi la makina olakwika.

Chinenero nacho chimasintha yankho. Mndandanda wa C pa makina omwe aja uli ndi mafoda 4, wa C++ uli ndi 7. Dzina la fayilo ndi limene limauza driver chinenero, ndiye `conftest.c` ipite kwa `$CC` ndipo `conftest.cpp` kwa `$CXX`. Laibulale ya nkhani inoyi imagwiritsa `CPPFLAGS` imodzi pa zinenero zonse ziwiri, choncho foda imasefedwa pokhapokha ikapezeka m'mindandanda yonse iwiri. Ikapezeka mu umodzi wokha, zimene zimachitika ngati `CC` ndi `CXX` zachokera ku ma toolchain osiyana, flag imaikidwa pa `CFLAGS` kapena `CXXFLAGS` ya chinenero chimene chikuifuna.

Mzere wothera ndi `(framework directory)` ndi wa Clang ya pa macOS. Mafoda amenewo safufuzidwa monga mafoda wamba a ma header, ndiye amachotsedwa. `tr -d '\r'` ndi ya MinGW ndi MSYS2 za pa Windows, kumene mizere ingathere ndi CR, imene imalepheretsa `$` kugwira ndi kuipitsa dzina la foda. Kumenekonso njira zimayamba ngati `C:/msys64/...`, choncho mndandanda wolekanitsidwa ndi colon ungaduke pakati. Wolekanitsidwa ndi mpata nawo ungaduke pa `Program Files`. Foda imodzi pa mzere umodzi ndiyo yokha imene imapirira zonsezi.

Ma flag oyenera kupita nawo ku funso

Gawo ili ndi limene linatenga nthawi yambiri, chifukwa mayankho awiri osavuta onse ndi olakwika.

Mukafunsa popanda ma flag a wogwiritsa, mumaphonya amene amasintha mndandanda. `--sysroot` ndi `-isysroot` amasamutsa mafoda onse a system. `-m32` imasintha foda ya libstdc++ yodalira mtundu wa makina. `-stdlib=libc++` imachotsa mafoda a libstdc++ n'kuika a libc++. `--target` ndi `--gcc-toolchain` za Clang, `-nostdinc` ndi `-nostdinc++`, zonse zimapereka mndandanda wina.

Mukafunsa ndi ma flag onse, mafoda a `-I` ndi `-isystem` a wogwiritsa amalowa mu mndandanda womwewo, ndipo palibe chizindikiro chowasiyanitsa ndi obadwa nawo. Script imaganiza kuti `/opt/zlib/include` ndi ya compiler, n'kusiya kuiwonjezera. Ntchito imamangika lero chifukwa `CPPFLAGS` ya wogwiritsa ikadali nayo. Koma fodayo siilembedwa m'fayilo ya `.pc` imene laibulale imaika youza mapulogalamu ena ma flag ofunika, ndipo mapulogalamu odalira laibulaleyo amadzagwa patsogolo, kutali ndi pamene cholakwikacho chinayambira.

Choyenera ndi kupita ndi ma flag onse kupatula owonjezera mafoda:

```sh
probe_flags=
skip=no
for f in $CPPFLAGS $CXXFLAGS; do
  if test $skip = yes; then skip=no; continue; fi
  case $f in
    -I|-isystem|-iquote|-idirafter) skip=yes ;;
    -I*|-isystem*|-iquote*|-idirafter*) ;;
    *) probe_flags="$probe_flags $f" ;;
  esac
done
```

Mzere woyamba wa `case` ukugwira flag yolembedwa motalikirana ndi foda yake, monga `-I /opt/x`, ndipo umadumphanso liwu lotsatira. Wachiwiri ukugwira yolumikizana, monga `-I/opt/x`. Musafupikitse kukhala `-isys*`. Pattern imeneyo imameza `-isysroot`, flag imene pa macOS ndiyo imanena SDK, ndipo njira ya SDK yotsalayo imafika kwa compiler ngati fayilo yoti iwerenge.

`CPATH` ndi anzake amachotsedwa pa chifukwa chofanana. GCC imatenga mafoda a `CPATH` ngati a `-I`, ndipo a `C_INCLUDE_PATH` ndi `CPLUS_INCLUDE_PATH` ngati a `-isystem`, choncho onse amaoneka mu mndandanda. Koma ndi a shell imene munthu wayendetseramo configure, ndipo `make` ingayendetsedwe mawa mu shell ina imene ilibe. Amachotsedwa mkati mwa subshell kuti mayeso ena onse a configure aziwaonabe.

Kuyeretsa njira musanayerekeze

Compiler silemba njira zoyera nthawi zonse. Pa Fedora foda ya libstdc++ imatuluka ngati `/usr/lib/gcc/x86_64-redhat-linux/13/../../../../include/c++/13`. Ma toolchain otsitsidwa ngati tarball amachita zomwezo, popeza GCC imawerengera mafoda ake kuchokera pamene pulogalamu yake ili. GCC payokha sivutika, chifukwa pa makina a Unix imazindikira mafoda ofanana poyang'ana device ndi inode. Script imene ikuyerekeza zilembo iyenera kubweretsa mbali zonse ziwiri ku dzina limodzi.

```sh
default_dirs=`while IFS= read -r d; do
    (cd -P "$d" 2>/dev/null && pwd -P)
  done < conftest.dirs`

is_default_dir ()
{
  real=`cd -P "$1" 2>/dev/null && pwd -P` || return 1
  printf '%s\n' "$default_dirs" | grep -F -x -e "$real" >/dev/null
}
```

`-P` ya pa `cd` si yokongoletsa. Popanda iyo, shell imathetsa `..` pongodula dzina lakumbuyo kwake, isanafunse filesystem. Ngati dzina lodulidwalo linali symlink, shell imafika m'foda ina pamene compiler, imene imapereka njira yonse kwa kernel, imafika ina. Izi zimaoneka pa toolchain yoikidwa kudzera mu symlink yonga `/opt/tc/current`. Kuchotsa `..` ndi `sed` kuli ndi nthenda yomweyo. `realpath` ikanachita ntchitoyi pa mzere umodzi, koma inalowa mu POSIX mu 2024, ndipo configure imayenera kuyenda pa makina akale kuposa pamenepo.

Pa `grep`, `-F` ikuletsa dontho ndi zizindikiro zina kuwerengedwa ngati regex. `-x` ikufuna kuti mzere wonse ufanane, ndipo kufunika kwake kunaonekera pa cross-compile: popanda iyo, `/usr/include` inkapezeka mkati mwa `/opt/tc/sysroot/usr/include`, script n'kuganiza kuti ndi foda imodzi.

Kwa olemba macro ya m4, chinenero cha ma macro a Autoconf, zidutswa zonsezi zalembedwa popanda mabulaketi a ngodya, n'chifukwa chake pali `test` ndi `case`. Mabulaketiwo ndi ma quote a m4 mu Autoconf ndipo amamezedwa. Pamene simungawapewe gwiritsani `@<:@` ndi `@:>@`. Komanso `default_dirs` isaikidwe mu `AC_CACHE_CHECK`. Variable yokhala ndi mizere ingapo siikhala bwino mu `config.cache`, ndipo configure imachenjeza kuti cache variable ili ndi newline. Funso lenilenilo ndi preprocess ya fayilo ya mzere umodzi, ndiye palibe nthawi imene cache ingapulumutse.

Kusefa, ndi za cross-compile

Mndandanda utapezeka, ntchito yake ndi imodzi: kuchotsa flag imene compiler siikuifuna.

```sh
zdir=$with_zlib/include
if is_default_dir "$zdir"; then
  ZLIB_CPPFLAGS=
elif test "$cross_compiling" = yes && is_host_dir "$zdir"; then
  AC_MSG_ERROR(...)
else
  ZLIB_CPPFLAGS="-isystem $zdir"
fi
```

Nthambi yapakati ikufunika kufotokoza. Pa cross-compile yokhala ndi sysroot yakeyake (foda yosunga ma header ndi malaibulale a makina amene tikumangira), `/usr/include` ya makina omangira si foda ya compiler, choncho sisefedwa, ndipo chitetezo chija cha GCC chotaya `-I` yobwereza sichigwira, popeza kwa iyo ndi foda yachilendo. Ma header a x86-64 amalowa mu pulogalamu ya ARM. Zikayenda mwamwayi ntchito imaima ndi uthenga wonga `gnu/stubs-32.h: No such file or directory`, chifukwa `gnu/stubs.h` ya x86 ikaona kuti `__x86_64__` palibe imaganiza kuti ikumangira x86 ya 32-bit. Zikavuta ntchito imamangika, koma ndi `struct stat` kapena manambala a system call a makina ena, ndipo pulogalamu imakalakwitsa pa chipangizo chenicheni. Mwa zida zomangira Linux ya zipangizo zing'onozing'ono, Buildroot ili ndi wrapper imene imakana njira zotere ndi mawu akuti `unsafe header/library path used in cross-compilation`, ndipo Yocto imaika `-Wpoison-system-directories` mu GCC yake. Configure isadalire kuti aliyense ali ndi zoteteza zimenezo. `is_host_dir` inangolembedwa ngati `case` yogwira `/usr/include` ndi `/usr/local/include` ndi zonse za pansi pake. Pano mndandanda wa pamanja ndi wololeka, chifukwa ntchito yake ndi kuimitsa ndi uthenga womveka, osati kuchotsa flag mwakachetechete. Nthambi yoyamba imabwera patsogolo dala: ma cross compiler a ma package a Debian amayang'ana mu `/usr/include` mwa dongosolo la multiarch, ndipo kwa iwo fodayo ndi yobadwa nayo.

Ngati zlib yapezeka kudzera mu pkg-config, chida chowerenga mafayilo a `.pc`, gawo lina la ntchitoyi limakhala litachitika kale, popeza pkg-config imachotsa `-I/usr/include` payokha. Koma imasefa ndi mndandanda wake umene inamangidwa nawo, kapena wa `PKG_CONFIG_SYSTEM_INCLUDE_PATH`, osati wa compiler, ndipo `PKG_CONFIG_ALLOW_SYSTEM_CFLAGS` imazimitsa kusefako. Script imene imasandutsa ma `-I` a pkg-config kukhala `-isystem` iyenera kudutsitsa foda iliyonse pa `is_default_dir` chimodzimodzi.

Pali chiyeso chimodzi chimene ndi bwino kuchikana poyera. Munthu akagwira mndandandawu m'manja amafuna kuugwiritsa ntchito pofufuza ma header: kuyendera foda iliyonse ndi `test -f "$d/zlib.h"`. Zimenezo n'kubwerera m'mbuyo. Fayilo kukhalapo sikutanthauza kuti imamangika, ndipo `test -f` sidziwa za `#include_next`, za ma framework, kapena za ma flag amene tawachotsa pa funso. Pofuna kudziwa ngati header ilipo, `AC_CHECK_HEADER` ndiyo yoyenera, chifukwa imaipereka kwa compiler. Pofuna kudziwa kuti yachokera m'foda iti, `-H` imalemba pa stderr header iliyonse imene yatsegulidwa, ndipo zotuluka za `-E` zili ndi mizere yonga `# 1 "/usr/include/zlib.h" 1 3 4`, pamene 3 akutanthauza header ya system. Gnulib, nkhokwe ya ma macro ndi ma code a GNU, imapeza njira yathunthu ya header kuchokera m'mizere yomweyi.

Compiler ikapanda kuyankha

Si compiler iliyonse imene imamva `-v` motere. `cl` ya Microsoft imatenga mafoda ake ku variable ya `INCLUDE`, yolekanitsidwa ndi semicolon, imene `vcvarsall.bat` imaika. Ma compiler ena amakana flag yo kapena kulemba zosiyana. Zikatero `conftest.dirs` imakhala yopanda kanthu, ndipo script iyenera kuona kusowako ngati kusadziwa, osati ngati umboni woti palibe foda yobadwa nayo. Pa nkhani inoyi anasankha kuti mndandanda ukasowa, script izibwerera ku `-I`. Machenjezo a ma header a eni angaonekenso, koma `-I` imamveka kwa ma compiler onse a Unix, ndipo pa GCC siingasokoneze ndondomeko ya mafoda a system.

Kuyesa

Chomaliza chimene chinawonjezedwa ndi mayeso amene akanagwira vutoli tsiku loyamba. Configure yakale inkayesa `zlib.h` ndi compiler ya C yokha, n'chifukwa chake inatha bwino ntchito n'kudzagwa pa `make`. Tsopano, ma flag onse atasonkhanitsidwa, script imachita `AC_LANG_PUSH` ya C++ n'kumanga ndi `AC_COMPILE_IFELSE` kafayilo kokhala ndi `<cstdlib>`, `<cmath>` ndi `<zlib.h>` pamodzi. Ma header awiri oyambawo amagwiritsa `#include_next` mu libstdc++. Akalephera, configure imaima pomwepo n'kusonyeza `CPPFLAGS` yonse.

Macro yatsopano iyenera kudutsa pa ma prefix awa isanalandiridwe: `/usr`, `/usr/` yokhala ndi slash kumapeto, symlink yoloza ku `/usr`, ndi foda yapadera yonga `/opt/zlib`. Pa atatu oyambawo `ZLIB_CPPFLAGS` ikhale yopanda kanthu, pa wachinayi ikhale ndi `-isystem`. Kenako `/opt/zlib` iyesedwenso `CPATH=/opt/zlib/include` itaikidwa, komanso `CPPFLAGS=-I/opt/zlib/include` itaperekedwa, ndipo flag ikhalepobe m'zonse ziwiri. Pa FreeBSD prefix ya `/usr/local` isunge flag yake. Pa toolchain ya sysroot, `--with-zlib=/usr` iime ndi uthenga, pamene prefix yoloza mkati mwa sysroot isefedwe. Chidutswa cha funso chiyendetsedwenso pachokha ndi `LANG=de_DE.UTF-8` pa makina amene ali ndi zomasulira za GCC, zimene pa Debian 12 zili mu package ya `gcc-12-locales`, ndipo `conftest.dirs` ituluke ndi mizere 7 yomwe ija.